Kugona m'chitokosi si mlandu, koma chindapusa cha ku Joni chija chifufuzeni

Achemwali, mwati mwapeza ntchito ya unamwino ku UK, koma mu 2016 apolisi anakutolani usiku ku Blantyre pa nkhani ya vakabu mpaka kugona m'chitokosi, komanso muli ku Joni munalipirapo chindapusa papolisi kuti akutulutseni. Mukufunsa ngati zimenezi zingakanitse visa. Pa ziwirizi, chimene inu mukuchiopa kwambiri, kugona m'chitokosi kuja, ndi chimene chili chopepuka.

A Home Office, unduna wa ku UK woona za ma visa, sasamala kuti munakwerapo galimoto ya polisi. Amafuna kudziwa kuti nkhaniyo inatha bwanji papepala. Fomu yawo imafunsa ngati khoti linakupezaniponi olakwa, ngati muli ndi mlandu umene ukadali m'khoti kapena ukudikira kuzengedwa, ngati munapatsidwapo chenjezo lolembedwa kapena chilango china osafika kukhoti, komanso zilango za pamsewu monga kulandidwa laisensi. Funsolo likukhudza dziko lina lililonse, chaka china chilichonse. Ngati ku Blantyre munatuluka m'mawa mwake osaonekera pamaso pa majisitireti, palibe choti mulembe. Koma kumbukirani bwino. Nthawi imeneyo anthu ambiri ogwidwa pa vakabu ankawatengera kukhoti ali chigulu, n'kuvomera mlandu kuti zithe msanga, n'kulipira chindapusa. Ngati inu munatero, ndiye kuti munapezeka olakwa, ndipo muyenera kulemba. Pofotokoza muonjezere kuti mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene ankamangira anthu pa vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Amene anatulutsidwa pa belo ya kupolisi n'kusiya kukaonekera apite akafunse ngati fayilo inatsekedwa, chifukwa mlandu wosatha ndi woipa kuposa wothetsedwa.

Tsopano za ku Joni. Ku South Africa kuli chimene amati admission of guilt fine, chindapusa chovomera mlandu. Wapolisi amakupatsa pepala, nthawi zambiri la J534, usayine, ulipire, uzipita. Anthu ambiri amaona ngati agula ufulu basi, osadziwa kuti malinga ndi gawo 57 la Criminal Procedure Act ya 1977, kulipira kumeneko kumawerengedwa ngati khoti lakupeza wolakwa ndipo lakulanga. Ngati anakudindani zala tsiku limenelo, mwayi ngwaukulu kuti dzina lanu lili mu kaundula wa Criminal Record Centre ku Pretoria. Ngati ndalamayo inangolowa m'thumba la munthu popanda lisiti kapena pepala losayina, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo siidzaoneka paliponse.

Simungazembe kufufuza, chifukwa anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito zosamalira anthu amafunika kupereka police clearance, pepala la polisi losonyeza ngati munthu ali ndi mlandu, ya dziko lililonse limene anakhalako miyezi 12 kapena kupitirira m'zaka 10 zapitazi, kuyambira pamene anakwana zaka 18. Miyeziyo amaiphatikiza. Mukakhala miyezi 7, kubwera kumudzi, kubwereranso miyezi 6, yakwana. Amuna anu akamapita nanu, nawonso afunika yawo. Ya kuno mumatenga ku Malawi Police Service, amakudindani zala n'kuzifufuza kulikulu ku Area 30. Musaitenge molawirira kwambiri, isapitirire miyezi 6 pofika tsiku lotumiza fomu. Ya ku South Africa ndi imene muyambe nayo popeza imachedwa: zala zimadindidwa pa fomu ya SAPS 91(a), mumaphatikiza fotokope ya pasipoti ndi umboni wakuti mwalipira, n'kutumiza ku Pretoria. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi za mu pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ambiri amakodwa pomwepa, makamaka amayi amene anasintha dzina atakwatiwa.

Police clearance ikabwera ili ndi mlandu, musataye mtima. Amene amakanidwa mosakambirana ndi munthu woti anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 12 kapena kupitirira, wopalamula mobwerezabwereza, kapena amene mlandu wake unavulaza anthu kwambiri. Ukaidi wochepera apo, chindapusa kapena chenjezo, ofisala wa visa amaunika yekha: mlanduwo unali wotani, papita nthawi yaitali bwanji, unachitika kangati. Chindapusa chimodzi chakalekale pa nkhani yaing'ono sichikhala cholemera. Chikakhala cha kuba, chinyengo kapena kumenya munthu, konzekani kufotokoza kawiri, chifukwa a Nursing and Midwifery Council, bungwe lolembetsa anamwino ku UK, nawo amafunsa za khalidwe musanalembetsedwe. Lembani kalata yaifupi: tsiku, malo, mlandu, chilango, ndi zimene mwakhala mukuchita kuyambira pamenepo. Osadandaula, osanyoza apolisi. Phatikizani pepala la chigamulo kuchokera kwa kalaliki wa khoti limene linazenga.

Pakatha zaka 10, mlandu wa chindapusa chosapitirira R20,000 utha kufufutidwa kudzera ku Department of Justice ya ku South Africa pa fomu ya J744, bola m'zaka zimenezo musanagamulidwe kukakhala kundende popanda mwayi wa chindapusa. Zimathandiza, koma pa fomu ya UK muulembebe, popeza pa nkhani za visa iwo amafuna mlandu ulembedwe ngakhale utakhala wakale kapena wofufutidwa.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kubisa. Ofisala akaona kuti mwachonga "No" pamene pepala la polisi likunena zina, mlandu wa chindapusa uja umasanduka bodza, ndipo bodza limatsekera munthu khomo la UK kwa zaka 10. Ma agent ena amene amadzazira anthu mafomu amangochonga "No" pena paliponse kuti ntchito ithe. Siginecha ndi yanu, choncho werengani tsamba lililonse musanatumize. Palinso funso lina limene anthu a ku Joni amalidumpha: ngati dziko lina linakukanizanipo visa, kukubwezani pa boda kapena kukuthamangitsani. Amene anadutsa ku Lindela, malo osungirako anthu odikira kuthamangitsidwa, kapena anadindidwa undesirable (wosafunika m'dzikomo) pa boda ya Beitbridge chifukwa chopitiriza masiku, yankho lake ndi "Yes", ndipo afotokoze. Chidindocho ndi chiletso cha chaka chimodzi ngati masiku sanapitirire 30, zaka 5 ngati anapitirira.

Ena m'gulu muno mwayankha kuti "kumangidwa sakufunsa". Zimenezo n'zoona pa fomu ya UK ngati mlandu unatha, koma osati pa mafomu onse. Fomu ya America ya DS-160 imafunsa ngati munamangidwapo, ngakhale mlandu unathetsedwa kapena munakhululukidwa, ndiye usiku wa ku Blantyre uja kumeneko umalembedwa. UK ndi America, pamodzi ndi Canada, Australia ndi New Zealand, amagawana zidindo za zala za ofunsira visa, choncho zimene mwauza dziko lina zisatsutsane ndi zimene mudzauze linalo.

Ngati pepala la ku Pretoria libwere ndi mlandu woposa chindapusa chija, musatumize fomu musanaonane ndi loya wa za immigration wolembetsedwa ku UK, ndipo abwana amene akupatsani ntchitoyo muwauze nokha asanazione okha.