Mafunso Anu: Mizere Pathambo la Katuni

Funso: Ndikamaonera katuni zopangidwa pakompyuta pa DVD, ubweya wa nyama ndi madzi zimaoneka ngati zenizeni, koma pathambo pamatuluka mizeremizere. Kodi TV yanga yawonongeka?

Yankho: Ayi, musaitaye. Katuni zimaoneka zoyera chifukwa chithunzi chimachoka m'kompyuta kulowa pa diski osadutsa pa filimu ya kamera, yomwe imasiya timadontho tonga mchenga. Katuni ya A Bug's Life ya kampani ya Pixar itatuluka pa DVD mu 1999, inasamutsidwa motere.

Koma kuyera komweko n'kumene kumaulula mizere. DVD ndi Blu-ray wamba zimasunga mitundu pa 8-bit, masitepe 256 okha kuchoka pakuda kufika powala. Thambo likamasintha pang'onopang'ono kuchoka kobiriwira kupita koyera, masitepewo amaperewera, diso n'kuona malire ake. Mufilimu ya kamera timadontho tija timawabisa. Ultra HD Blu-ray ili ndi masitepe 1,024, choncho mizere imachepa kwambiri. Kanema wa pa intaneti, yemwe amafinyidwa kuti fayilo ichepe, ndiye amaipitsiratu.

Yambani ndi chingwe. Ngati mukugwiritsa ntchito chachikasu chija, dziwani kuti chimasakaniza kuwala ndi mitundu m'waya umodzi, ubweya n'kuoneka ngati phala. Lumikizani ndi chingwe cha HDMI. Ikani TV pa Cinema kapena Movie, tsitsani Sharpness, ndipo zimitsani motion smoothing, chifukwa filimu inapangidwa ndi zithunzi 24 pa sekondi ndipo TV ikamawonjezera zake, m'mbali mwa zinthu zothamanga mumasokonekera. Mukatha kupeza Blu-ray, tengani: ili ndi madontho 1920 x 1080, pomwe DVD ya PAL (mtundu wa kanema wa ma TV a kuno) ili ndi 720 x 576.