Kodi ndingayende m'phiri la Mulanje nditavala siketi?

Mlungu wathawu ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Anzake akuntchito akonza zokayenda m'phiri la Mulanje mu Julayi, kugona m'nyumba za m'phirimo, mwina mpaka kukafika pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo. Iye savala buluku. Mpingo wake sulola, ndipo mwini wakenso sanalikhumbepo. Anzakewo amuuza kuti ngati sagula buluku angotsala. Funso lake linali lalifupi: "Kodi n'zoona kuti munthu sangayende ulendo wautali m'phiri atavala siketi?"

Achemwali anga, si zoona. Ndikanatha kulekera pomwepa, koma mawu akuti "angotsala" andikhala pamtima mlungu wonse, ndiye mundilole ndilankhule.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri lomwelo. Ndisanadziwe n'komwe kuti kuli anthu amene amakwera phiri pongofuna kusangalala, ndinkaona mayi anga ndi anzawo akulawirira kunkhuni tambala atangolira. Akafika pamene njira yayamba kukwera, ankaima, kugwira m'munsi mwa chitenje, kuchikwinda mpaka m'mawondo n'kuchisomeka m'chiuno, basi ulendo. Dzuwa likafika paliwombo ankatsika, nkhata pamutu, mtolo wautali kuposa msinkhu wawo ukugwedera kutsogolo ndi kumbuyo, dzanja limodzi lili pamtolo, maso ali pamiyala. Ena anali ndi khanda kumsana. Njira zimene alendo lero amakwera atagwira ndodo zogula m'sitolo, amayi aja ankazitsika osavala nsapato. Mpaka pano mukanyamuka m'mawa pa Likhubula, poyambira njira zokwera phirili, mudzakumana nawo, ndipo ndinu amene mudzawapatukire.

Sindikunena kuti chitenje chija chinali chovala chabwino cha m'phiri ayi. Anthu ena amakonda kukometsera mavuto a amayi akumudzi, ine sindili nawo. Mayi ankabwera chitenje chili chonyoweratu ndi mame, chitamatirira kumiyendo, chisoso chili mbwee m'mphepete monse, ndipo madzulo ndinkawaona akudzola mafuta m'ntchafu mmene mwasupuka. Analibe chosankha. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala buluku ngakhalenso siketi yosabisa mawondo, ndipo linachoka pamene dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri, zaka 20 zitadutsa. Utsikana wonse wa mayi anga unathera m'lamulo limenelo. Chimene ndikunena n'chakuti phiri silinayambe lakanapo mkazi chifukwa cha chovala. Amene amakana ndi anthu.

Ndipo anthuwo ndinawaona ndi maso. Mu Januwale 2012 ndinali nditayamba ntchito ku Blantyre pamene mavenda anayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre. Ife amene tinkavala buluku tinkayenda ndi chitenje m'chikwama. Ukatsala pang'ono kutsika minibasi, unkachitulutsa n'kumanga pamwamba pa buluku uli chikhalire, anzako akukuyang'ana, mtima ukugunda. Amayi anasonkhana kudzudzula nkhanza zija ndipo zinazizira, koma mantha aja sindinawaiwale. Kuyambira nthawi imeneyo, ndikamva munthu akuuza mkazi kuti malo akutiakuti sufika pokhapokha uvale chimene ine ndikufuna, magazi anga amawira. Zilibe kanthu kuti akumukakamiza chitenje kapena buluku. Mzimu wake ndi umodzi. Tinamenyera ufulu woti mkazi azivala buluku, osati woti ovala buluku azinyoza ovala siketi.

Izi ndikuziona zikukula m'magulu oyenda m'mapiri amene achuluka m'mizinda yathu zaka zino. Maguluwa ndimawakonda, atulutsa anthu ambiri m'maofesi n'kuwaonetsa Zomba, Dedza, Michiru ndi Nyika. Koma ena mwa iwo asandutsa phiri bwalo loonetserapo zovala. Pagulu la WhatsApp amatumiza mndandanda wa zoyenera kuvala wotengedwa kunja osausintha n'komwe, ndipo amene alibe nsapato za dzina amayamba kudziona wosayenera. Pamenepo wonyamula katundu wawo, mnyamata wa ku Likhubula, wasenza chikwama cholemera atavala nsapato za pakaunjika zong'ambika kuchala, ndipo wakafika kale kunyumba ya Chambe n'kusonkha moto iwo akadali pakati pa njira ya Skyline. Mayi wa mpingo wosavala buluku, mtsikana wachisilamu wovala zazitali, agogo amene akufuna kuona phiri lawo asanafooke, onsewa ndi eni ake a Mulanje chimodzimodzi. Gulu limene likuwasiya kunyumba chifukwa sakuoneka bwino pachithunzi lasokera.

Ine buluku ndili nalo ndipo ndimavala. Koma ulendo ukakhala wogonera, ndimasankha siketi, osati chifukwa cha mpingo kapena mwambo. Choyamba ndi mpweya. Pokwera kuchokera pa Likhubula thukuta limatuluka ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo buluku limasunga chinyezi pomwe khungu silichifuna. Chachiwiri sachikamba pagulu, koma mkazi aliyense amene wayendapo pamwamba paja akuchidziwa. Mukachoka pa Chambe kulowera ku Chisepo pali malo aatali a udzu wokhawokha, opanda tchire loti n'kubisalamo, ndipo gulu lanu lili ndi abambo, wokutsogolerani ndi onyamula katundu. Wovala buluku ayenera kutula chikwama, kufunafuna mwala waukulu, kuvula mpaka m'mawondo mphepo ikumuwomba. Ndaonapo atsikana akukana kumwa madzi tsiku lonse poopa zimenezi, n'kufika madzulo mutu ukuwawa, milomo itauma. Wovala siketi yotakasuka amangopatuka pang'ono, kunjuta, nsalu yamuphimba, n'kubwerera m'njira anzake asanazindikire. Masiku akumwezi n'chimodzimodzi, kusintha kumaphweka. Powoloka mitsinje mumangonyamula mpendero m'manja.

Koma pa Sapitwa ndikuuzeni zoona zokhazokha, chifukwa pamenepo si nkhani ya ufulu, ndi nkhani ya moyo. Nsonga ija ndi mamita 3,002, ndipo kuchokera panyumba ya Chisepo si kuyenda ayi, ndi kukwawa. Mumakwera matanthwe otsetsereka ndi manja ndi mapazi, mumadzipanikiza m'mipata ya miyala, pena mumatsika chokhala pansi n'kumadzikhwekhwereza. Amene akukutsatirani amakhala m'munsi mwanu, nkhope yake ili pamapazi anu. Siketi yayitali yofika m'akakolo pamalo otere imapha, chifukwa mukakweza phazi mumaponda mpendero wanu womwe, ndipo potsika simuona pamene mukuponda. Komanso Julayi ndi mwezi wa chiperoni. Kumwamba kukhoza kukhala kuli mbee m'mawa, masana nkhungu n'kutseka phiri lonse, kamvula kowaza kakugwa, mphepo yozizira ikulowa mpaka m'mafupa. Anthu asowapo pa Sapitwa. Musapite popanda wokutsogolerani wodziwa njira, ndipo musapite miyendo ili pamtunda. Ngati chikhulupiriro chanu chikulola taiti yofika m'akakolo mkati mwa siketi, valani. Ngati sichilola, pezani masitonkeni okhuthala ofika m'ntchafu. Ngati zonsezi sizitheka, yendani kuchokera nyumba ina kupita ina, Chambe, Chisepo, Thuchila, Lichenya, muone mikungudza ndi maiwe ake, Sapitwa mumusiye. Phiri ndi lalikulu, simudzakhala mutaluza kanthu.

Siketi yake ikhale yotani

Nsalu ndiye poyambira. Chitenje cha kotoni chimamwa thukuta ndi mame, chimalemera, ndipo chikanyowa m'mawa mwa Julayi chimafika madzulo chisanaume. Funani nsalu yopepuka ya nayiloni kapena poliyesitala, yonga ija amasokera makabudula a mpira kapena majekete opyapyala, yamtundu wosaonetsa dothi. Pakaunjika imapezeka, nthawi zina ngati siketi yosokeratu, nthawi zina ngati diresi lalikulu loti telala adule. Kutalika kwake kuthere pansi pa bondo pang'ono, kapena pakati pa katumba ngati mpingo wanu ufuna choncho, osapitirira pamenepo. Ikhale yotakasuka m'munsi koma osati yothimbwidzika, chifukwa yotambalala kwambiri mphepo imaiulutsa ndipo imakodwa m'zitsamba. Muyese telala akuona: kwezani phazi limodzi pampando, kenaka njutani mpaka pansi. Ikakukokani paliponse, aiwonjezere.

Za m'chiuno anthu ambiri amaziiwala. Lamba wa chikwama cha kumsana amakhala pomwe pali lamba wa siketi, ndipo chilichonse chotukuka pamenepo, kaya batani, zipi ya m'mbali, kaya mfundo ya chitenje, chimadya khungu tsiku lisanathe. Uzani telala aike lasitiki yotambalala yogona bwino, ndipo matumba awasokere pantchafu, osati m'chiuno. Thumba limodzi likhale la zipi, la foni.

Apa ndiime kaye pa atelala athu. Timathamangira zovala zochokera kutali zosokedwa poyesa matupi a anthu ena, pamene pakhonde la sitolo iliyonse pali bambo kapena mayi wa makina opalasa amene angakuyeseni m'chiuno mwanumo n'kusoka chinthu chokwana inu nokha, pamtengo wosafika n'komwe pa buluku limene anzanu akukuuzani. Amene amandisokera ine poyamba anadabwa nditamupempha matumba pantchafu. Lero ndi iye amene amandikumbutsa kuti msoko wa m'mbali aubwereze kawiri chifukwa cha miyala. Ntchito yotere ndi yofunika kuilipira bwino, osanenerera mpaka munthu kumusiya wopanda phindu.

Mkati mwa siketi, masiku osakwera Sapitwa, valani taiti yofika pamwamba pa bondo, yopanda msoko wokhuthala pakati. Ntchafu zikamakhulana mtunda wautali zimasupuka, ndipo ululu wake umatha kuthetsa ulendo wa munthu wamphamvu. Pitikoti isiyeni kunyumba. Dzolani Vaseline musananyamuke, osadikira kuti payambe kuwawa. Masokosi akhale aatali chifukwa cha udzu wocheka, nkhupakupa, ndi chitedze cha m'tchire la m'munsi, ndipo madzulo aliwonse dziyang'aneni kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno. Chitenje tengani ndithu, koma chikhale m'chikwama, m'pepala la pulasitiki. Mukafika panyumba yogona, vulani siketi ya nayiloni ija muiyanike, mumange chitenje musanayandikire moto, chifukwa nayiloni ikagwidwa ndi kamoto kothetheka imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Chitenje chomwecho ndi chofunda, chopukutira, ndi chotchinga posamba kumtsinje.

Musadikire Mulanje kuti muiyese siketiyo. Muli ku Lilongwe, phiri la Nkhoma ndi la Bunda ali pafupi. Loweruka lina valani zonse monga mudzavalire, ikani mabotolo amadzi m'chikwama kuti chilemere, mumange lamba wake, mukwere ndi kutsika. Pobwera onani pamene pafiira kapena pakuwawa, mubwerere kwa telala akonze, ndipo muchite izi Juni asanathe kuti pakhale nthawi yoyesanso. Anzanu aja auzeni kuti mukupita nawo, akuwerengereni pa chakudya ndi malo ogona.