Za gluten m'chimera cha balere

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu amene madokotala anamupeza ndi matenda a celiac angadye zakudya zolembedwa kuti muli barley malt extract, madzi otsekemera a chimera cha balere. Ine ndinganene kuti azipewe. Madzi otsekemerawa amachokera ku balere womeretsedwa, ndipo balere ali ndi puloteni yotchedwa hordein, mtundu wa gluten (puloteni ya m'mbewu monga tirigu ndi balere) umene umawononga matumbo aang'ono a wodwala celiac. Kumeretsa ndi kusefa kumaichepetsa, koma sikuichotsa yonse.

Muyezo wa Codex Alimentarius, malamulo a zakudya a padziko lonse, umalola chakudya kutchedwa chopanda gluten pokhapokha ngati gluten wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. N'chifukwa chake cornflakes ina yothiridwa chimerachi pang'ono chabe ikhoza kukwanira muyezowu, pomwe Milo, amene chimerachi ndi chimodzi mwa zopangira zazikulu, sangayenere mwana wanu. Mukamagula m'masitolo muno mu Lilongwe, werengani paketi yonse, osati kutsogolo kokha.

Thobwa la chimera cha mawere kapena mapira lilibe vutoli, bola ufa wake usasakanikirane ndi wa tirigu kuchigayo. Dziwaninso kuti chimera cha balerechi chili ndi shuga wambiri, choncho odwala matenda a shuga asamale nacho.