Kwa achimwene ofuna kuwoloka Atlantic mu Okutobala

Achimwene funso lanu ndaliona, mwati muli ku Las Palmas, pachilumba cha Gran Canaria ku zilumba za Canary, m'boti lanu la thanga la mafiti 38 momwe mukukhala ndi alamu, mukufuna kumasula zingwe pakati pa Okutobala kuti pa 10 Novembala mukakhale mwafika ku Saint Lucia, chilumba cha ku Caribbean, poti mng'ono wanu wagula kale tikiti ya ndege yokakumana nanu kumeneko, nde mukufunsa ngati Windy, apu yolosera zanyengo ija, ikamaonetsa zobiriwira za nyengo yabwino sabata yonse mungangonyamuka. Yankho lachidule ndi loti ayi, dikirani kaye. Lalitalilo ndi ili, mupirire nane poti nkhaniyi ndi yotakata.

Vuto pa pulani yanuyi si Windy ayi, ndi tikitiyo. Ife okhala m'maboti timauza achibale kuti asankhe chimodzi, malo kapena tsiku. Akafuna malo, tsiku tidzawauza tikafika. Akafuna tsiku, adzatipeza komwe tidzakhale tsikulo. Zonse ziwiri pamodzi sizitheka, chifukwa munthu ukakhala ndi deti m'mutu maso ako amayamba kukunamiza, ukaona mphepo ya 25 knots (knot imodzi ndi liwiro la mailo imodzi ya panyanja pa ola) umati aaa ndi 20 iyi, ukaona kachinamondwe kakutukusira pakona ya mapu umati kapita kwina aka. Kuthamanga sikufika akulu.

Tiyambe ndi nyengo, apa palibe apu yomwe ingakupulumutseni. Ku Atlantic nyengo ya ma hurricane, anamondwe akuluakulu aja, imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, pachimake ndi mu Seputembala koma Okutobala akadali mkati ndithu. Ena amabadwira cha ku Cape Verde n'kumalowera kumadzulo, ndiye kuti msewu wawo ndi womwewo mukufuna kudutsa inu, ndipo a kumapeto kwa nyengo amakonda kutukusira kufupi ndi Caribbean komweko komwe mukupitako. Namondwe Tomas anamenya Saint Lucia yomweyo kumapeto kwa Okutobala mu 2010. Namondwe Delta mu 2005 anafika mpaka ku Canary komwe muliko, kumapeto kwa Novembala. N'chifukwa chake ARC, ulendo wa maboti ambirimbiri womwe Jimmy Cornell anayambitsa mu 1986, umanyamuka pa Las Palmas pomwepo cha kumapeto kwa Novembala kuti anthu azikafika tsidya linalo mu Disembala nyengoyi itatha. Sanangosankha mwezi mwachisawawa. Komanso tatsegulani pepala lanu la inshuwalansi muwerenge timalembo tating'onoting'ono tija, ambiri amalemba kuti namondwe wopatsidwa dzina akakupezani m'dera lakuti m'miyezi yakuti iwo sizikuwakhudza.

Tsono tawerengani masamu awa. Kuchoka Las Palmas kukafika Saint Lucia ndi mamailosi a panyanja pafupifupi 2700. Boti ngati lanu, lolemera ndi katundu wa pakhomo, madzi, zitsulo ndi zonse, lili ndi anthu awiri okha, likayenda 120 mpaka 140 pa tsiku mwachita bwino, nde ndi masabata atatu amenewo. Pomwe zolosera zanyengo zimakhala zodalirika masiku atatu oyamba, mpaka asanu bolako, zikadutsa sabata ndi zongokupatsani chithunzithunzi basi ngakhale GFS, pulogalamu ya kompyuta yolosera zanyengo ya ku America, imajambula mpaka masiku 16 ngati ikudziwa. Ndiye zobiriwira mukuziona pafonizo zikungokamba za kagawo koyamba ka ulendo, masabata awiri otsalawo palibe akudziwa. Ndipo boti loyenda 5 kapena 6 knots silingathawe namondwe yemwe akuyenda liwiro lowirikiza kawiri, mungangoyesa kumupatuka ngati mwamudziwa msanga. Pa ulendo wautali chonchi chomwe chimakutetezani ndi mwezi womwe mwasankha, apu imangokuthandizani kusankha tsiku mkati mwa mwezi wabwinowo.

China chomwe anthu amaiwala, mu Okutobala ma trade winds, mphepo zija zochokera kumpoto chakummawa zomwe zimakukankhani kumbuyo, zimakhala zisanakhazikike. Zimadalira high ya ku Azores, dera lomwe kupanikizika kwa mpweya kumakhala kokwera cha ku zilumba za Azores, kuti ikhale pamalo pake, ndipo zimayamba kudalirika bwino mu Disembala ndi Januwale. Mukapita msanga mutha kupezeka pakati pa nyanja mphepo zii, matanga akungomenyeka uku ndi uku, boti likugudubuzika ndi mafunde, mbale zikulira m'makabati usiku wonse, inu n'kumayatsa injini kuwotcha dizilo yemwe mumafunika kusunga kuti muzitchajira mabatire komanso polowa padoko.

Za njira. Mzere wowongoka pamapu ndi waufupi inde koma umakusiyani kumpoto kwambiri komwe ma low ochokera kumpoto, madera a kupanikizika kwa mpweya kotsika omwe amabwera ndi nyengo yoipa, amatha kukubweretserani mphepo ya kumaso kapena bata lotopetsa. Ambiri amayamba atsika kummwera chakumadzulo mpaka cha pa 20°N 30°W kenako n'kukhotera kumadzulo atazipeza mphepo zokhazikika, mtunda umatalikirako koma nthawi zambiri umafika msanga komanso osatopa kwambiri. Njira ina ndi yoima pa Mindelo, pachilumba cha São Vicente ku Cape Verde, mamailosi pafupifupi 850 kuchoka komwe muliko, pafupifupi sabata imodzi. Kwa anthu awiri omwe sanawolokepo ine ndimakonda imeneyi. Sabata yoyambayo ndi yomwe imaulula zonse, chingwe chomwe chikukhuzika, autopilot, chida chowongolera boti chokha, yomwe ikudya magetsi kuposa momwe mumaganizira, ndani akudwala mafunde, nde mumakafika pa Mindelo n'kukonza, kugona tulo tenitenti, kuthira madzi ndi dizilo, kenako n'kutsala ndi mamailosi cha m'ma 2100. Ndipo dziwani kuti mukangodutsa Cape Verde kubwerera kulibe, kulimbana ndi mphepo ndi mafunde amenewo chakumaso si masewera, nde ngati pali chokayikitsa pa boti kapena pa thupi la munthu chiganizo chipangidwe musanadutse pamenepo.

Tsopano kawerengedwe ka zomwe apu ikukuonetsanizo, poti apa mpomwe ambiri amagwa. Choyamba musamangoyang'ana model imodzi, ndiye kuti pulogalamu imodzi yolosera zanyengo. Pa Windy pomwepo mutha kusintha pakati pa ECMWF ya ku Ulaya, GFS ya a NOAA ku America ndi ICON ya ku Germany. Zikamagwirizana kwa masiku anayi asanu, ndipo mawa lake mukatsegulanso n'kupeza nkhani ndi yomweyo, pamenepo mutha kuyamba kukhulupirira. Zikamatsutsana, kapena model imodzi ikamasintha nkhani m'mawa ina madzulo ina, ndiye kuti mlengalenga simunakhazikike, khalani pansi. Muyambe kuzitsatira sabata ziwiri musananyamuke n'kumafananiza ndi zomwe zikuchitikadi panja, mudzaona nokha kuti ndi iti yomwe ikulasa kwanuko. Ndipo tsamba la National Hurricane Center ya ku Miami muzilitsegula tsiku lililonse, kuja kuli anthu enieni omwe amalemba zomwe akuona, osati kompyuta yokha.

Chachiwiri, nambala ya mphepo yomwe ili pa GRIB, fayilo ya zolosera zochokera ku ma model, ndi ya pakatikati, pa mamita 10 kuchoka pamadzi. Ma gust, mphepo yowomba mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, amatha kuposa pamenepo ndi 40 peresenti, nde mukaona 20 konzekerani 28. Ndipo mphamvu ya mphepo pa thanga sikwera mofanana ndi nambalayo, kuchoka pa 20 kufika pa 30 knots mphamvu imaposa kuwirikiza kawiri, n'chifukwa chake boti lomwe limayenda mwaulemu limangosanduka chilombo mwadzidzidzi. Mafunde nawonso chimodzimodzi, akalemba mamita 2.5 amenewo ndi avereji ya mafunde akuluakulu, limodzi mwa apo ndi apo litha kufika pafupifupi kawiri yake. Koma chomwe ine ndimayang'ana kwambiri ndi period, masekondi pakati pa funde ndi linzake. Mamita atatu pa masekondi 12 boti limangokwera n'kutsika pang'onopang'ono mutha kuphika n'kugona. Mamita awiri pa masekondi 5 kapena 6 ndi nkhonya zokhazokha. Muonenso komwe akuchokera, poti swell, mafunde obadwira kutali, yochokera kumpoto ikaphatikizana ndi mafunde a mphepo ya kummawa boti limapendama mbali zonse popanda dongosolo, ndipo zimenezi zimathyola zinthu ndi kufooketsa anthu kuposa mphepo yamphamvu.

Chachitatu, ma model a dziko lonse saona bwino zilumba zazitali. Ku Canary kuli malo omwe mphepo imapanikizika pakati pa zilumba n'kuthamanga, kummwera chakummawa kwa Gran Canaria cha ku bwalo la ndege ndi amodzi mwa malo amenewo, mutha kutuluka padoko ndi 12 knots n'kukapeza 25 kapena kuposa patangotha maola ochepa. Mukaona kutsogolo madzi ada ndipo ayamba kuchita thovu loyera pamwamba, mangani reef, ndiye kuti chepetsani thanga, musanalowemo. 

Mukakhala panyanja, kaya muli ndi netiweki ya satelayiti ya Starlink kaya ya Iridium, tsitsani GRIB kamodzi kapena kawiri pa tsiku basi, osamangokhalira pafoni. Chida chomwe sichifuna netiweki ndi barometer, choyezera kupanikizika kwa mpweya mu ma hPa, muzilemba nambala yake m'buku maola atatu aliwonse. Kumadera otentha imakwera n'kutsika yokha kawiri pa tsiku, pamwamba cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi 10 usiku, pansi cha m'ma 4 koloko, kusiyana kwake pafupifupi 3 hPa, zimenezo ndi zabwinobwino musachite nazo mantha. Chodetsa nkhawa ndi pamene kayendedwe kameneka kasokonekera n'kumangotsika, makamaka pakabweranso swell yaitali yochokera mbali yachilendo ndi timitambo topyapyala tam'mwamba kwambiri. Ndipo kumpoto kwa equator mukaima mphepo ikukuombani kumsana, low imakhala kudzanja lanu lamanzere, lamulo la Buys Ballot limenelo, lakale koma silinathe ntchito.

Chomwe mudzakumane nacho ndithu ndi ma squall, timphepo tamkuntho tadzidzidzi ta mvula, makamaka theka lachiwiri la ulendo, ndipo pa GRIB saoneka. Amakonda usiku ndi mbandakucha. Uli pa watch, nthawi yako yolondera, wekha, kumbuyo nyenyezi zikuzimiririka chigawo chimodzi, mdima wake wosiyana ndi mdima wina wonse, pa radar pakuoneka kachigamba mamailosi anayi kumbuyo, kenako kamphepo kozizira pakhosi, fungo la mvula, basi mphindi zochepa mphepo yachoka pa 15 yafika 30 kapena 35 ndipo yasinthanso mbali, mvula ikuchita kubaya kumaso. Pakatha mphindi 20 kapena theka la ola zatha, mwinanso kusiya bata. Ngati thanga lonse linali m'mwamba ndipo boom, mtanda wa m'munsi mwa thanga, inalibe preventer, chingwe choigwira kuti isawolokere mbali ina, pamenepo mpomwe imawoloka mwamphamvu n'kuthyola zitsulo kapena mutu wa munthu. Nde lamulo la m'boti la anthu awiri likhale loti dzuwa likamalowa reef imangidwe kaya kunja kukuoneka bwino chotani, preventer ikhale yomanga nthawi zonse mukamayenda mphepo ili kumbuyo, wa pa watch avale lifejacket n'kudzikoleka ndi chingwe, ndipo asapite kutsogolo kwa boti mnzake ali mtulo. Mutaya theka la knot usiku, palibe kanthu, pofika zimangowonjezera tsiku limodzi kapena awiri.

Za alamu ndinenepo pang'ono. Pa boti la anthu awiri nyengo yomwe mungapirire si yomwe botilo lingapirire, ndi yomwe munthu wotopa kwambiri mwa inu angakwanitse ali yekha pachiwongolero 3 koloko usiku mnzake akugona. Khalani pansi musananyamuke mugwirizane manambala anu, mwachitsanzo kuti sitinyamuka ngati masiku atatu oyamba akuonetsa kupitirira 20 knots kapena mafunde opitirira mamita 2.5, muzilembe papepala, ndipo aliyense akhale ndi ufulu wokana popanda kufunsidwa zifukwa zambirimbiri. Masiku atatu oyambawo akhale ofewa dala chifukwa ndi pomwe thupi limazolowera, munthu akayamba ndi kusanza osadya osagona ulendo wonse umamuwawa. Musatengeke ndi a boti loyandikana nalo akamati ife tikupita mawa, mwina iwo ali anthu asanu m'boti la mafiti 50. Pofikanso chimodzimodzi, mukaona kuti mufika pamalo achilendo usiku chepetsani liwiro dala kuti mukalowe kutacha, maboti ambiri amaonongekera pagombe anthu atatopa akuthamangira kuponya nangula, osati pakati pa nyanja.

Nde za mng'ono wanuyo, njira zilipo. Asinthe tikiti ikhale ya kumapeto kwa Disembala kapena Januwale, ndipo ikhale yotheka kusinthanso. Kapena abwere ku Canary komweko mu Novembala muzungulire naye Tenerife ndi La Gomera, kumeneko mukhalanso mukuyesa reef, autopilot ndi ma watch a usiku m'mphepo yeniyeni doko lili pafupi. Ngati ali ndi nthawi komanso mtima wake, mutengeni akhale munthu wachitatu powoloka, kusiyana kwa tulo pakati pa anthu awiri ndi atatu ndi kwakukulu zedi, aliyense amagona maola asanu ndi limodzi osadzutsidwa.

Mutiuzeko thanki yanu ya dizilo ndi ya malita angati, madzi mumanyamula ochuluka bwanji, zanyengo muzizilandira ndi chani mukatalikira gombe, komanso ngati thanga lanu lalikulu lili ndi reef yachitatu. Tikadziwa zimenezo tikuthandizani kuona ngati kuima pa Mindelo kuli kofunika kapena mutha kungowoloka kamodzi mu Disembala.