Tifunseni: Galamafoni yapamwamba, ndalama zake zigawidwe bwanji?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala pa Dedza boma. Malemu bambo anga anandisiyira mbale zagalamafoni zambirimbiri zomwe anabwera nazo kuchokera ku Theba. Ndapatula K4 miliyoni kuti ndigule zoimbira zapamwamba. Mwana wanga ali ku Joni akuti andigulire Technics SL-1200 yatsopano. Kodi ndalamayi ikwana? — A.K., Dedza

YANKHO: Ikwana bambo, koma osati momwe mwana wanuyo akuganizira. SL-1200 sitikuinyoza ayi. Kampani ya Technics inayamba kuipanga mu 1972, mota yake imazunguza mbale popanda lamba, ndipo imakhalitsa. Vuto ndi lakuti yatsopano idzadya pafupifupi ndalama yonseyo, komanso nthawi zambiri imabwera yopanda cartridge, kabokosi kakumapeto kwa mkono komwe kamagwira singano. Mudzakhala ndi makina okongola pathebulo koma osamva kanthu.

Galamafoni payokha siimba. Singano ikamayenda m'mizere ya mbale imanjenjemera, ndipo cartridge imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu yamagetsi yochepetsetsa, pafupifupi 4 millivolts (millivolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt), pomwe choimbira CD chimatulutsa pafupifupi 2 volts. Ndiye pakati pa galamafoni ndi ampulifaya pamafunika phono stage. Iyi imakweza mphamvuyo, n'kubwezeretsa besi yomwe imachepetsedwa dala podinda mbale, motsata muyezo womwe bungwe la makampani a nyimbo ku America, RIAA, linakhazikitsa mu 1954. Mukalowetsa waya wa galamafoni pa AUX popanda chimenechi, mawu amatuluka apansipansi ndi opyapyala, ndipo ambiri amaganiza kuti agula chinthu chakufa. Choncho pogula ampulifaya yang'anani kumbuyo ngati pali polembedwa PHONO, ndi kasikuluwu kolembedwa GND pambali pake, komangirapo kawaya koletsa kung'ung'uza.

Ife K4 miliyoniyo tingaigawe chonchi. Masipika awiri, K1.2 miliyoni. Galamafoni ndi cartridge yake, K1 miliyoni. Ampulifaya yokhala ndi PHONO, K800,000. Mayendedwe ndi msonkho, K500,000. Zotetezera kumagetsi, K300,000. Yotsalayo, K200,000, ipite ku mawaya, bulashi yopukutira mbale, kasikelo koyezera kulemera kwa singano, ndi singano ina yapadera yosunga.

Masipika tawapatsa gawo lalikulu chifukwa ndiwo amasintha kwambiri zomwe khutu likumva. Galamafoni yapakatikati yoimbira m'masipika abwino imamveka bwino kuposa yodula yoimbira m'masipika achabechabe. Pabalaza la mamita 4 kwa 5, ampulifaya ya mawatsi 40 mpaka 60 mbali iliyonse ndi yokwana. Funsani mawatsi a RMS, omwe ndi mphamvu yeniyeni yomwe ampulifaya imatulutsa mosalekeza, pa masipika a 8 ohms. Zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi kuti 3000W PMPO n'zokopera ogula basi, musaziwerengere. Pa sipika yang'anani nambala ya sensitivity, yosonyeza kukula kwa mawu omwe imatulutsa ikapatsidwa mphamvu yochepa: ya 88 dB kapena kuposa ndi yosavuta kuiyendetsa, ndipo nambalayi ikatsika ndi 3 dB, pamafunika mawatsi owirikiza kawiri kuti phokoso lifanane.

Pa galamafoni yeniyeniyo, mwana wanuyo ayang'ane Rega Planar, Pro-Ject Debut kapena Audio-Technica AT-LP120X. Yomalizayi ili kale ndi phono stage mkati mwake. Ngati mtima uli pa Technics, afunefune SL-1200 MK2 yogwiritsidwapo kale ntchito, koma asamale, chifukwa zambiri zinatopa m'mabala ndi m'maukwati. Agwire mkono n'kuugwedeza pang'onopang'ono: ukamachita khwekhwe pomwe walumikizana, aisiye. Ayang'anenso timadontho ta m'mphepete mwa chozungulira, pomwe pamakhala mbale paja. Pa liwiro loyenera timaoneka ngati taima. Cartridge ikhale ya mtundu wa MM, monga Ortofon 2M Red kapena AT-VM95E, chifukwa singano yake mumangosolola n'kuikapo ina nokha. Ya mtundu wina, wa MC, ndi yodula, imafuna phono stage yamphamvu zochuluka, ndipo singano ikatha muyenera kutumiza kunja cartridge yonse.

Za msonkho, kafunseni ku ofesi ya MRA pachipata cha Dedza katundu asananyamuke, ndipo malisiti onse abwere naye limodzi. Polongedza kuti zikwere basi, achotse chozungulira, achotse chitsulo cholemera chakumbuyo kwa mkono, amange mkonowo, n'kuvindikira singano. Chozungulira chikasiyidwa pamalo pake, mabampu amawononga beling'i yapakati, ndipo pamenepo galamafoni yatha. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano obulungira. Idzasinthidwe ndi ya kuno ya mano atatu, yokhala ndi fyuzi.

Chinanso, musaisunge nthawi yaitali ndalamayo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndipo zonse tatchulazi n'zochokera kunja. Yambani ndi masipika ndi ampulifaya, zomwe mungayambe kuimbira wailesi kapena foni podikira zinazo.

FUNSO: Kwathu ku Tsangano timagwiritsa ntchito sola ndi inveta. Ndikangoyatsa galamafoni, m'masipika mumamveka kung'ung'uza kosalekeza, ngakhale mbale isanayambe kuzungulira. Ndigule ampulifaya ina? — Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Musafulumire kutulutsa ndalama mayi. Yambani ndi kawaya kakang'ono kopyapyala kochokera kugalamafoni limodzi ndi mawaya awiri aja, wofiira ndi woyera. Kayenera kumangidwa zolimba pa GND kumbuyo kwa ampulifaya. Kakamasuka kapena kuchita dzimbiri, kung'ung'uza kumabwera. Kapaleni pang'ono kuwale, mumangenso. Kenako sunthani galamafoni italikirane ndi ampulifaya, makamaka mbali yomwe kuli thiransifoma, ndipo mawaya a mawu asayende mophatikizana ndi waya wamagetsi.

Zikapitirira, werengani zolembedwa pa inveta. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, zomwe magetsi ake amatuluka modukizadukiza. Kuyatsira mababu ndi kutchaja foni zilibe vuto, koma phono stage imakweza mphamvu pafupifupi ka 100, ndiye kaphokoso kalikonse ka m'magetsi imakakwezanso. Thiransifoma ya ampulifaya nayo imatentha ndi kulira. Yofunika ndi ya pure sine wave. Galamafoni imadya mawatsi ochepa kwambiri, ndipo ampulifaya yapakhomo poimba mwachizolowezi siidya zambiri, choncho inveta ya mawatsi 500 ikwanira ngati simulumikizako firiji kapena ayironi.

Kwa amene ali pa magetsi a ESCOM, ikani chotetezera chonga cha firiji chija, chomwe chimadikira kaye mphindi zingapo magetsi akabwerera. Nyengo ya mvula, mphenzi zikayamba, zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa pa switchi kokha sikuteteza.

FUNSO: Msuweni wanga ananditumizira galamafoni kuchokera ku America. Ndinagula thiransifoma yotsitsa magetsi, ikuyaka bwinobwino, koma oimba onse akumveka ngati atopa, nyimbo ikukoka. — J.M., Lizulu

YANKHO: Thiransifoma yakonza mavoti okha, kuchoka pa 230 kufika pa 120. Koma magetsi a ku America ndi a 60 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 60 pa sekondi, pomwe athu ndi a 50 Hz, ndipo mota za magalamafoni ambiri a lamba zimatengera liwiro lake pa nambala imeneyi. Mbale yoyenera kuzungulira ka 33⅓ pa mphindi ikuzungulira osakwana ka 28. Itanitsani pulley ya 50 Hz ya mtundu womwewo, kagudumu kapamota komwe lamba amakolekapo. Kawirikawiri kamafunanso lamba wake. Ngati kumbuyo kwalembedwa 50/60 Hz, ndiye mwina vuto ndi lamba wotamuka, musinthe.

FUNSO: Mbale zanga zinakhalitsa m'sutikesi, zina zachita chuku. Singano imadumphadumpha, ndiye ndimaika kakobidi pamwamba pa mkono monga ankachitira akuluakulu kale. Pali cholakwika? — Wowerenga wa ku Linthipe

YANKHO: Kachotseni lero lomwe achimwene. Akuluakulu ankatero pa magalamafoni a singano zokhuthala. Singano zambiri zamakono zimafuna kulemera kwa magalamu awiri okha kapena kucheperako: AT-VM95E imafuna 2.0, Ortofon 2M Red 1.8. Kakobidi kamawirikiza kulemerako, singano n'kumakumba mizere, ndipo mbale ikakumbika siibwereranso.

Kuchuna kwake ndi uku. Galamafoni ikhale pamalo osapendama, makamaka pashelefu yokhomera kukhoma la njerwa, osati pakabati imodzi ndi masipika, chifukwa besi imagwedeza singano. Ikani anti-skate, kopotokola koletsa mkono kukokera chapakati pa mbale, pa 0. Zunguzani chitsulo chakumbuyo kwa mkono mpaka mkono uyandame wokha, osakwera osatsika. Gwirani chitsulocho, muzunguze kamkombero ka manambala kokha kafike pa 0, kenako zunguzani zonse pamodzi kufika pa nambala ya cartridge yanu. Anti-skate muiike pa nambala yomweyo.

Kuzizira ndi nkhungu ya ku Dedza kuno, kuphatikiza fumbi la chilimwe, ndizo zimadwalitsa mbale. Tsukani ndi madzi a distilled, ochotsedwa mchere wonse, kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya pa lita imodzi, ndi kansalu kofewa, motsata mizere mozungulira, osanyowetsa pepala lapakati. Tsukuluzani ndi madzi omwewo, ziume pamthunzi zitaimirira. Madzi a pamjigo amasiya mchere m'mizere. Mbale zolemera zakale zozungulira ka 78 pa mphindi zisakhudzane ndi spiriti, imazisungunula, ndipo zimafuna singano yakeyake yokulirapo. Posunga ziime chilili m'mapepala atsopano, kutali ndi zenera komanso mbaula. Zikasanjikizana chogona zimapindika.

Singano nayo imatha. Audio-Technica imati ya AT-VM95E imagwira ntchito maola pafupifupi 300, kutanthauza kuti woimba ola limodzi tsiku lililonse asinthe chaka chisanathe. Mukamva mawu a "s" akuphwanyika, makamaka pa nyimbo zoyandikira pakati pa mbale, ipukuteni kaye ndi kabulashi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Zikapanda kusintha, siyani kuimba mpaka singano yatsopano ifike.