Memore yokwera nayo phiri la Mulanje: kuyankha achemwali a ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe koma kwawo ndi ku Thyolo. Dzina lawo ndalisunga, koma funso lawo linali lotere:

"Achimwene, ndagula kamera ya Nikon D3500 kwa mnzanga wa kuntchito, koma wandipatsa yopanda memore. Mu Ogasiti ndikubwera kumudzi pa tchuthi ndi ana anga awiri. Tikufuna kukwera phiri la Mulanje masiku atatu, kenako tikacheze kwa agogo awo ku Thyolo. Pamsika ndinaona khadi lolembedwa 512GB, mtengo wake wotsika kuposa la 64GB la m'sitolo. Ndigule limenelo kuti ndisadzavutikenso? Nanga zilembo zija, U3, V30, A2, zimatanthauza chiyani?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'chikwama, paja safunsa anadya phula. La 512GB lija lisiyeni pomwe munaliona. Gulani makhadi awiri kapena atatu a 32GB kapena 64GB, enieni, m'sitolo yopereka lisiti, ndipo muwayese kunyumba musanakwere basi yobwera kuno.

Ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ine, chifukwa mpaka lero zimandiwawa.

Zaka zingapo zapitazo ndinaperekeza banja lina kukwera phiri. Tinanyamukira ku Likhubula, tinagona ku Chambe, tsiku lachiwiri tinafika ku Chisepo, ndipo m'mamawa wa tsiku lachitatu tinakwera Sapitwa. Bambo wa m'banjamo anali atakwanitsa zaka 60 ndipo ulendowo anaukonzekera chaka chathunthu. Tsiku limenelo kumwamba kunayera, mitambo inali pansi pathu ngati thonje loyanika pamphasa, ndipo bamboyo atafika pa chipilala cha pamwamba, pa mamita 3,002, anakhala pansi n'kuyamba kulira mwakachetechete, mkazi wake atamugwira paphewa. Ndinajambula. Ndinayang'ana pagalasi la kumbuyo kwa kamera, chithunzi chinaoneka, mtima wanga unakhala m'malo. M'kameramo munali khadi lolembedwa 128GB limene ndinagula patebulo la m'mbali mwa msewu m'tauni, lili m'kapepala kake kokongola, lomata bwinobwino. Titatsika n'kuliika mu laputopu, zithunzi za tsiku loyamba zinatseguka. Zotsatira zonse maina ake ankaoneka, koma ukadina pankangobwera kabokosi kotuwa. Nditaliyesa khadilo pambuyo pake ndinapeza kuti malo ake enieni anali pafupifupi 8GB. Ndinapita ndekha kukawauza anthu aja komwe ankagona, ndipo nkhope ya mayi uja sindidzaiiwala.

Mmene makhadi a feki amagwirira ntchito ndi motere. Mkati mwa khadi lililonse muli tizipangizo tiwiri: kosunga zinthu, ndi kena kolamulira kamene kamauza kamera kuti malo alipo ochuluka bwanji. Achinyengo amatenga kosunga zinthu kochepa, n'kusintha kolamulira kaja kuti kazinena bodza. Kamera imakhulupirira, kompyuta nayo imakhulupirira, zonse zimalemba 512GB. Malo enieni akadzaza, zithunzi zatsopano zimangotayika, kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale n'kuziwononga. Kamera sikuchenjezani. N'chifukwa chake kuyesa pamsika pojambula zithunzi ziwiri zitatu sikuthandiza; khadi la feki limagwira bwino ntchito poyamba, limadzakugwetsani mutafika kale patali.

Kuyesa kwenikweni n'kulidzaza lonse. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw ya makompyuta a Windows, ndi ina yotchedwa F3 ya Mac ndi Linux. Imalemba zinthu m'khadi mpaka pakamwa, kenako n'kuziwerenga zonse kuona ngati zabwerera momwe zinalowera. Zimatenga nthawi, ndiye iyambitseni madzulo mukuphika, mukamadzatsuka mbale mudzakhala mutadziwa. Ngati pulogalamuyo simungaipeze, koperani mafilimu kapena mavidiyo a ukwati mpaka khadi lidzaze, kenako mutsegule oyambirira, apakati ndi omalizira. Musadabwe khadi la 64GB likaonetsa 59GB kapena chapompo pa kompyuta. Limenelo si bodza, ndi kawerengedwe chabe: opanga makhadi amawerenga m'magulu a 1,000 pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Koma likalephera pakati, libwezeni tsiku lomwelo, lisiti lili m'manja.

Maina amene ine ndimagula ndi SanDisk, Lexar, Kingston ndi Samsung. Dziwani kuti maina omwewa ndi amene achinyengo amakonda kusindikiza, ndiye dzina palokha silikutetezani. Chokutetezani ndi sitolo imene mawa mudzaipeza pomwepo, ndi kuyesa kuja.

Tsopano kukula kwake. Kamera yanuyo ili ndi ma megapixel 24. Chithunzi chimodzi cha JPEG (chokonzedwa kale ndi kamera) yabwino kwambiri chimadya pafupifupi 12MB, cha RAW (chosakonzedwa, chodzakonzera pa kompyuta) chimadya 20 mpaka 25MB. Ndiye khadi la 32GB limanyamula zithunzi za JPEG zoposa 2,000, kapena za RAW zoposa 1,000. Ganizirani: masiku atatu paphiri, mukujambula 300 tsiku lililonse, simunafike ngakhale 1,000. Batire la D3500 lenilenilo opanga ake amati limajambula zithunzi pafupifupi 1,550 likatchajidwa kamodzi, ndipo pamwamba paja, ndi kuzizira kwa usiku, silifikapo. Batire lidzatha khadi lisanadzaze. 512GB ndi ya anthu ojambula mavidiyo apamwamba kwambiri a 4K tsiku lonse, pomwe ola limodzi limatha kudya 45GB. Kamera yanu 4K sijambula n'komwe, imalekezera pa 1080p.

Koma ngakhale mutapeza la 512GB lenileni, ndipo ndalama zilipo, ine ndinganenebe kuti mugule angapo ang'onoang'ono. D3500 ili ndi malo a khadi limodzi lokha, sili ngati makamera akuluakulu amene amalemba pa makhadi awiri nthawi imodzi. Chilichonse chimene mwajambula chili pa kanthu kamodzi kochepa ngati sitampa. Njira za m'phirimu zimadutsa m'mitsinje, miyala yake imaterera, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe aliyense amafuna chithunzi ataima pamwala mathithi ali kumbuyo, ndaonapo mafoni ndi makamera akulowa m'madzi. Kamera ikagwa tsiku lachitatu ili ndi khadi limene munaika m'mawa womwewo, mwataya za tsiku limodzi. Ikagwa ndi khadi lalikulu lija, tchuthi chonse chapita. Ine ndimasintha khadi madzulo aliwonse ndikafika pogona, ngakhale lisanadzaze. Ndimatsitsa kabatani kakang'ono kam'mbali kolembedwa Lock kuti lisalembedwenso, ndimaliika m'kabokosi kake, kabokosiko m'kapulasitiki kotseka pakamwa, kapulasitikiko m'thumba la mkati la jekete. Osati m'chikwama cha kamera, chifukwa chikwama chikasowa zonse zimasowera limodzi. Osatinso m'katundu amene mwapatsa onyamula, osati powakayikira, koma chifukwa iwo amayenda mofulumira kuposa inu ndipo mukhoza kulifuna khadi iwo ali kale kutsogolo.

Za zilembo zija, zambiri sizikukhudzani, koma ndizifotokoze kuti wogulitsa asakusokonezeni.

SDHC ndi SDXC zimanena za kukula. SDHC imalekezera pa 32GB, SDXC imayambira pamwamba pa 32GB mpaka 2TB. Kamera yanu imalandira zonse ziwiri. Amene ali ndi makamera akale, opangidwa SDXC isanabwere mu 2009, ayang'ane kaye m'buku la kamera, chifukwa ambiri mwa amenewo khadi la 64GB saliwerenga.

Nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo, monga 120MB/s kapena 170MB/s, ndi imene imakopa maso, koma kawirikawiri imanena liwiro lowerengera, pamene mukukopera zithunzi kupita mu kompyuta. Kamera imafuna liwiro lolembera, ndipo limenelo lili m'tizilembo ting'onoting'ono. 10 wozunguliridwa ndi C, komanso U1, zimalonjeza kuti khadi silitsika pansi pa 10MB pa sekondi polemba. U3 ndi V30 zimalonjeza 30MB pa sekondi. V60 ndi V90 zimalonjeza 60 ndi 90, ndipo mitengo yake imaluma. Inu gulani lolembedwa U3 kapena V30, basi. Kusiyana kwake mudzakuona pamene mwana wanu akudumphira m'dziwe inu mutapanikiza batani osachotsa chala. Kamera yanuyo imajambula zithunzi 5 pa sekondi, imazisunga kaye m'kati mwake n'kumazitsanulira m'khadi. Khadi likakhala laulesi kamera imayamba kujejema, kanyali kobiriwira kumbuyo kamangoyaka, ndipo mwana amatuluka m'madzi inu mukudikirabe.

A1 ndi A2 ndi za mafoni, zimanena mmene khadi limayendetsera mapulogalamu. Pa kamera zilibe ntchito. UHS-II mudzalizindikira chifukwa kumbuyo kwake kuli mizere iwiri ya tizitsulo tagolide m'malo mwa umodzi. Limathamanga zedi, koma D3500 imagwiritsa ntchito mzere woyamba wokha, ndiye mudzalipira liwiro limene simudzaliona. CFexpress, mtundu wina wa khadi, musaiganizire n'komwe, siilowa m'kamera yanu.

Funso limene simunafunse koma ndikudziwa kuti libwera: kodi kamemore ka mufoni, ka microSD, sikangagwire ntchito mutakaika mu adaputala? Kamagwira. Koma adaputala ndi kapulasitiki kopyapyala, tizitsulo take timakhwepa, ndipo kakayamba kuvuta kamera imangolemba kuti khadi silikuwerengeka. Komanso kamemoreko kakagwa m'udzu wa pa Lichenya simudzakapezanso. Kasungeni kothandizira pa tsiku la tsoka, koma kojambulira tsiku ndi tsiku gulani khadi lalikulu la SD.

Pamwamba paja, m'nyumba zogona alendo, mulibe magetsi a ESCOM. Kuphika ndi nkhuni, kuwala ndi tochi yanu. Laputopu musavutike kuinyamula. Chimene chimathandiza ndi kachipangizo kowerengera khadi kolumikiza kufoni, kamene m'masitolo amati OTG card reader. N'kochepa ngati bokosi la machesi. Madzulo, ana akuwotha moto, mumakopera mufoni zithunzi khumi kapena makumi awiri zimene simungalole kuti zitayike. Kamera yanu ilinso ndi Bluetooth, ndipo kudzera pa pulogalamu ya SnapBridge imatha kutumiza mufoni zithunzi zochepetsedwa, za ma megapixel 2. Zosindikiza zazikulu sizingatheke, koma za pa WhatsApp zimakwana. Kungoti zimadya batire, ndiye muzizimitsa mukamayenda. Ndipo ngati ndalama zatsalako mutagula makhadi, gulani batire lachiwiri la kamera, muzigona nalo m'bulangete.

Kuzizira kwa Ogasiti khadi lenileni sikuliopsa. Choopsa ndi chinyezi ndi fumbi. Chiperoni chikabwera, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imatha kukuta phiri lonse m'kanthawi kochepa, musatsegule kachitseko ka khadi panja. Dikirani mulowe m'nyumba, mupukute manja, kamera muizimitse, muonetsetse kuti kanyali kobiriwira kazima, ndiye mutulutse. Makhadi ambiri amene anthu amandibweretsera "atafa" anazulidwa kamera ikulembabe.

Khadi latsopano mukamaliza kuliyesa, lifomateni m'kamera momwemo, osati pa kompyuta. Pa menyu ya Nikon pali polembedwa Format memory card. Kamera imakonza khadi m'njira imene iyo imaifuna. Mukadzabwerera ku Lilongwe, koperani zonse malo awiri, mu laputopu ndi pena, mutsegule muone kuti zilidi momwemo, kenako ndiye mufomate. Ndipo muwauze anawo kuti polembedwa Format paja si poseweretsa. Zikachitika mwangozi, musajambulenso ngakhale chimodzi pa khadi limenelo. Litulutseni, mulitseke Lock. Kufomata kwachizolowezi kumangofufuta mndandanda wa maina, zithunzi zimakhala zikadalimo mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake, ndipo mapulogalamu aulere monga PhotoRec ndi Recuva nthawi zambiri amazibweza. Koma zotayika pa khadi la feki sizibwerera, chifukwa sizinalembedwe n'komwe.

Pa ulendo wanuwo ine ndikanagawa chonchi: makhadi awiri a paphiri, lachitatu osalikhudza mpaka mutafika ku Thyolo. Ndikunena izi chifukwa ndaona kambirimbiri anthu akutsika phiri makhadi atadzaza ndi mitambo, miyala ndi mitengo ya mkungudza, n'kufika kumudzi akufufuta mofulumira kuti apeze malo. Kufufuta kwa phuma kumeneko n'kumene kumatayitsa zithunzi zabwino. Minda ya tiyi ya ku Thyolo imafuna malo akeake, makamaka m'mawa dzuwa likungotuluka, mizere yobiriwira ikutsetsereka ndi mapiri, othyola tiyi madengu ali kumsana. Amenewo muziyamba mwawapatsa moni ndi kuwapempha musanaloze kamera, ali pantchito ndipo si onse amafuna.

Koma khadi lachitatulo kwenikweni ndi la agogo. Phiri lidzakhalapo chaka chamawa, mukhoza kudzakweranso. Muwajambule ali pakhonde akusenda nandolo, zidzukulu zitawazungulira. Muwajambulenso kavidiyo akuyankhula, afotokoze mmene anakulira, atchule maina a makolo awo, ngati amayankhula Chilomwe ayankhule momwemo, anawo adzamve mawu awo enieni. Vidiyo yotero ya mphindi khumi khadi la 32GB limanyamula popanda vuto. Madzulo ake omwewo muikopere mufoni, ndipo mukafika pomwe netiweki ikugwira bwino muitumizenso kwa m'bale wanu mmodzi kuti ikhale m'manja awiri.

Mukafika ku Chitakale mundilembere, ndidzakuuzani mmene nyengo ilili pamwamba sabata imeneyo. Moni kwa ana.