Funsani Azakhali: Mfumu yaikazi ya ku Bhopal idalikodi?

Funso: Azakhali, ndine mayi wa ana anayi, ndimalima mbatatesi kuno ku Domwe, m'boma la Angónia. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 13, wakhoza kalasi 6 ndipo akufuna kukapitiriza sukulu ku Ulongwe. Alongo anga, omwe ndiwo eni mbumba, akuti kuphunzitsa mtsikana ndi za azungu, kumapha mwambo. Mwanayo adawayankha kuti aphunzitsi adawauza za mfumu yaikazi ya Chimwenye, Msilamu, imene inkaphunzitsa atsikana. Amalume ake adangoseka, ati ndi nthano. Kodi mfumuyo idaliko? – Mayi wa ku Domwe

Yankho: Amayi, mwana wanu sadaname. Mfumuyo dzina lake ndi Sultan Jahan Begum, idabadwa mu 1858 ndipo idalamulira dziko la Bhopal, pakati pa India, kuyambira 1901 mpaka 1926.

Chimene chimandikoka mtima pa nkhaniyi n'chakuti amayiwa sadali oyamba. Ufumu wa Bhopal udayenda m'manja mwa akazi anayi: Qudsia Begum, amene adayamba mu 1819, kenako mwana wake Sikandar, mdzukulu Shah Jahan, n'kufika kwa Sultan Jahan. Ife Achewa, amene timawerenga mtundu potsata bere la amayi, zimenezi zisatidabwitse kwenikweni.

Adalowa ufumu atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 43, ndipo pasanapite chaka amuna awo adamwalira. Koma mu 1903 adatsegula sukulu ya atsikana ya Sultania. Ankathandizanso ndi ndalama sukulu ya atsikana ya ku Aligarh, kunja kwa ufumu wawo, ndipo yunivesite ya Asilamu ya Aligarh itakhazikitsidwa mu 1920, iwo ndiwo adakhala mkulu wake woyamba mpaka imfa yawo mu 1930.

Tsono pa mawu a alongo anu aja. Amayiwa adachita zambiri mwa izi akuvala nsalu yobisa nkhope monga mwa mwambo wa kwawo, adapita ku Mecca kukachita Haji, ndipo milandu yambiri ankaimva ali kuseri kwa chinsalu chotchinga. Pa nthawi ya ulamuliro wawo mwambo sadautaye ayi. Sindikubisirani, maphunziro amene ankawafunira atsikana adatsamira pa ukhondo, kusoka ndi kulera ana. Mwana wanu akafuna udokotala, ndiye kuti wapitirira pamene iwo adalekeza. Komabe phindu la kuphunzitsa atsikana ndi lomveka: mayi wodziwa kuwerenga sapatsa mwana mankhwala molakwitsa, ndipo sanyengedwa pa chuma chake. Inu nomwe mukudziwa mmene ogula mbatatesi amaseweretsera sikelo akaona kuti wogulitsa sadziwa manambala.

Ine ndikukayika ngati vuto la alongo anu lilidi mwambo. Kawirikawiri mawu otere amabisa zinthu ziwiri: ndalama za lendi ndi chakudya ku Ulongwe, kapena mwamuna amene wayamba kale kufunsira. Ngati ndi chachiwiricho, dziwani kuti kuyambira 2019 lamulo la Mozambique limaletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo wokwatitsayo ali ndi mlandu.

Musawatsutse pagulu, ndi eni mbumba. Pitani kwawo madzulo, mutenge agogo ake a mwanayo ngati alipo, mutawerengeratu kuti ndi matumba angati a mbatatesi amene angamusunge chaka chimodzi, komanso wachibale amene angakhale naye ku Ulongwe. Mudzandilembere zimene ayankhe.